Famase yomwe ndimagulako mavitamini ku Mzuzu, zabwino zake ndi zondinyasa zake

Malo ogulitsa mavitamini achuluka muno mu Mzuzu, mafamase, mashelefu a m'masitolo akuluakulu, anyamata oyenda ndi zikwama ku depoti, ndi amayi a pa WhatsApp aja amene amakutumizira chithunzi cha botolo mmamawa usanasukusule nkomwe, koma pa onsewa pali famase imodzi yokha yomwe ine ndingamulozere munthu ndi mtima umodzi. Kutchipa nde ayi, siyotchipa. Chomwe ndimaikondera nchakuti bambo amene amakhala kuseri kwa kauntala uja, famasisiti wa pamenepo, sakupatsa botolo asanakufunse kuti ukulifunira chani, ukumwa mankhwala ena anji, ndipo unayezetsa kapena wangoganiza wekha. Dzina la famaseyo sinditchula poti ndili ndi madandaulo anga omwe ndinene kutsogoloku ndipo sindikufuna kuipitsa bizinesi ya eni ake, koma ili mtauni mommuno, kuchokera ku depoti sipofunika kukwera sakaramento, njinga za kabaza zija, wapansi umafika bwinobwino.

Mkati ndi mochepa koma mwaukhondo. Shelefu ya mavitamini ili kumanja ukangolowa, mabotolo ambiri ndi ochokera ku South Africa ndi ku India, ochepa a ku UK amakhala pamwamba penipeni poti ogula ake ndi owerengeka. Ukanyamula botolo lokhalitsa umaona timapepala ta mtengo titamatidwa kena pamwamba pa kanzake, kakale kakusuzumira pansi pa katsopano, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 katundu wakunja sanakhazikikenso mtengo, nde musandifunse kuti botolo lakuti ndi zingati, ndikakuuzani lero mukafika mupeza zina. Pakhoma pali setifiketi ya PMRA, bungwe lomwe limayang'anira mafamase ndi mankhwala m'dziko muno, lija linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Ine ndikalowa mu famase yachilendo ndimayamba kuyang'ana pepala limenelo, likasowa ndimatuluka.

Amayi anga ali ndi shuga ndi BP, ndipo metformin, mankhwala a shugayo, akhala akumwa kwa zaka zambiri. Anayamba kudandaula kufooka, dzanzi kumapazi, akati adzuke pampando chizungulire, nde mnzawo wa kutchalitchi anawauza za mapilisi othira m'madzi aja amene amachita thovu kuti amenewo ndiye amphamvu, ukangomwa kapu imodzi umalima tsiku lonse. Amayi akagwira chinthu sasiya, tinapita. Bambo uja anawapatsa mpando kaye.

"Amama, panopa mukumwa mankhwala anji?"

"A shuga ndi a BP basi mwana wanga, koma ine ndabwerera aja othira m'madzi."

"Aja muli soda amama, yemweyo timathira mu therere, ndi amene amachititsa thovu lija, ndipo m'thupi amagwira ntchito chimodzimodzi mchere, nde kwa inu a BP kumwa tsiku ndi tsiku sizikhala bwino. Dzanzi lakumapaziro munawauzapo adokotala ku kiliniki ya shuga?"

Anali asanawauze, ankati ndi ukalamba. Apo nde anafotokoza mofatsa kuti dzanzi likhoza kukhala la shuga yemweyo akamaononga mitsempha, komanso munthu amene wamwa metformin nthawi yaitali vitamini B12 amatha kuchepa m'thupi ndipo zizindikiro zake zimafanana, nde m'malo mongogula ndi bwino akayezetse magazi ndi kuwauza adokotala. Analemba pa kapepala zoti tikafunse, tinatuluka osagula olo kanthu kamodzi, amayi akung'ung'udza njira yonse kuti dokotala wanji wokana ndalama kkkk. Ku kiliniki anawayeza nkuwalembera B12 yekhayo, amene ndi wotchipa kutali ndi zathovu zija. B12 amapezeka mu zanyama zokha, nsomba, mazira, mkaka, chiwindi, nde agogo ambiri amene ndiwo zawo ndi masamba sabata yathunthu ndi amene amafunika kuwaganizira pa ameneyu.

Pa mankhwala oonjezera magazi ndi pamene famase imeneyi inandiphunzitsa kuwerenga lebulo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri tikutayira ndalama. Kutsogolo kwa botolo amalemba zokopa, chithunzi cha mayi akumwetulira, nambala yaikulu, koma zenizeni zili kuseri m'tizilembo tating'onoting'ono. Timapilisi ta ferrous sulphate ta 200 mg tija timapatsidwa kuchipatala, ayironi weniweni amene alimo ndi pafupifupi 65 mg. Nde tengani botolo lodula lija lolembedwa kuti lili ndi zinthu makumi awiri ndi mphambu, tembenuzani, muone mzere wa ayironi, nthawi zambiri mupeza sakufika olo theka la pamenepo. Munthu amene magazi ake achepadi atha kumaliza botolo lonselo Hb, nambala yoonetsa kuchuluka kwa magazi ija, osasuntha, pomwe timapilisi totchipa tosaoneka bwinoto tikanamuthandiza. Bambo uja amakuikira mabotolo awiriwo pa kauntala, chala chake pa mzerewo, nkukusiya usankhe wekha.

Koma sakugulitsa ayironi chifukwa choti wanena kuti ukumva kufooka. Amafunsa Hb. Kwa mayi amene sali woyembekezera ikatsika pansi pa 12 ndiye kuti magazi achepa, kwa woyembekezera pansi pa 11, kwa bambo pansi pa 13, ndipo kuyeza kwake ndi kobaya chala basi, ku chipatala cha Mapale kapena ku kiliniki iliyonse yomwe ili ndi labu. Ndipo olo apezeke ochepa funso limatsala loti achepa chifukwa chani. Kuno malungo amamaliza magazi, njoka za m'mimba, likodzo kwa anzathu amene amasamba ndi kuchapa m'madzi oima kunyanja kuja, msambo wochuluka, ena anabadwa ndi sickle cell. Ukamamwa mapilisi njoka zili phee m'mimba uli ngati munthu wotunga madzi ndi dengu. Bambo wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa ndiye nkhani ina, pamafunika adokotala afufuze ngati sakutaya magazi mkati, osati kungomugulira sirapu.

Anandiuzanso zomwe kuchipatala nthawi zambiri sapeza mpata wonena chifukwa cha mzere. Ayironi amadetsa chimbudzi, chimakhala chakuda bii, musaope, ena amadzimbidwa ena nseru, zikavuta imwani mutadya. Tiyi ndi khofi amatchinga ayironi kuti asalowe bwino m'thupi, nde ife a ku Mzuzu amene kukazizira timamwa tiyi mmawa masana ndi madzulo tizitalikitsa ndi ola limodzi kapena awiri, ndipo kumwera pamodzi ndi lalanje kapena gwafa kumathandiza. Chachikulu kwambiri, botolo la ayironi libisidwe patali ndi ana. Ena amakhala ofiira, osalala, okoma kunja, mwana akameza ambiri akhoza kufa, ameneyo ndi wothamanga naye ku chipatala cha Central osadikira kuti tione kaye.

Mng'ono wanga atatenga mimba mwamuna wake anafuna kuonetsa chikondi, anandituma ndi ndalama kuti ndikagule mavitamini a amayi oyembekezera odula aja a m'bokosi. Bambo uja anangofunsa kuti asisi, sikelo anayamba? Ndinati eya. Nde akuti amene akumulandiritsa kumeneko ulele, a ayironi ndi folic acid, ndi omwewo a WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, amanena, ayironi 30 mpaka 60 mg ndi folic acid 400 mcg tsiku lililonse, ngati akumwa mokhulupirika palibe chifukwa choonjezera china pamwamba osawafunsa anamwino. Anachenjezanso ziwiri zomwe ine sindinkazidziwa. Folic acid wa 5 mg uja, wamphamvu kwambiri, amafooketsa Fansidar amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo kuti atetezedwe ku malungo, nde osangogula pawekha poti nayenso walembedwa folic acid. Chachiwiri ndi vitamini A, ameneyu akachuluka mimba ili yaing'ono amatha kuononga mwana m'mimba, kupyola 10,000 IU pa tsiku ndi zoopsa, nde mayi woyembekezera asamangomwa botolo la mavitamini la mwamuna wake kapena mafuta a chiwindi cha nsomba aja. Folic acid amagwira ntchito yake yaikulu m'masabata oyambirira enieni, pamene msana ndi ubongo wa mwana zikuumbika, nthawi imene ambiri sitinadziwe nkomwe kuti tili ndi pakati, choncho amene akukonzekera mimba ndi amene angapindule kuyamba msanga. Ndalama za alamu anga zinakagula mazira ndi usipa ku msika.

Tsopano iyi ndi ya aliyense amene ali pa ma ARV kapena ali ndi mbale wake amene akumwa. Chiyambire 2019 ambiri anasinthidwa kupita ku mankhwala atsopano aja okhala ndi dolutegravir, ndipo mankhwala amenewa sagwirizana ndi kashiyamu, ayironi, zinki ndi magineziyamu zikakumana m'mimba nthawi imodzi, zimawagwira nkuwalepheretsa kulowa m'magazi mokwanira. Nde taganizani munthu akumwa ma ARV ake mokhulupirika mmawa uliwonse, achibale amugulira botolo la mavitamini osakaniza kuti aonjezere chitetezo, iye nkumameza zonse pamodzi ndi kapu imodzi ya madzi asanadye kanthu. Njira yosavuta kukumbukira ndi kumwa ma ARV maola awiri musanamwe zinazo, kapena maola sikisi mutamwa zinazo, komanso kuwauza a ku kiliniki kuti mukumwa chakuti. Ciprofloxacin ndi doxycycline, mankhwala opha tizilombo ta mabakiteriya aja, nawonso chimodzimodzi sayenda ndi ayironi kapena kashiyamu. Wogulitsa wa pa WhatsApp sangakufunse zimenezi, wa pa shelefu ya sitolo sangakufunse, amangokuonetsa kolipirira. Bambo uja amafunsa, ndipo pa chifukwa ichi chokha ndimalolera kulipira mokwererako.

Koma apa pomwe ndi pamene pali dandaulo langa loyamba. Mafunsowo amafunsidwa pa kauntala, kumbuyo kwako kuli mzere, ndipo Mzuzu ndi tauni yaing'ono, wa kumbuyo kwakoyo mwina ndi neba wako wa ku Chibavi kapena mphunzitsi wa mwana wako. Ndani anganene pagulu kuti ndili pa ma ARV, kapena kuti msambo wanga ukumatenga masabata awiri? Ambiri amangoti ayi sindikumwa kalikonse, nde funso labwino lija lapita pachabe. Kumbali kuli kachipinda komwe amayezera BP koma nthawi zambiri mumakhala makatoni. Atachotsa makatoniwo nkuikamo mipando iwiri bwenzi zili bho kwambiri. Pakadali pano ngati muli ndi nkhani yachinsinsi pitani cha m'ma 9 mmawa anthu asanachuluke, kapena lembani pa kapepala mumupatsire.

Nyengo yozizira ija, June ndi July, mawawa akugwa osaleka, chimfine nyumba iliyonse, vitamini C wa 1000 mg amayenda malonda kwambiri ndipo nthawi zina amatheratu. Ine ndinaugulapo ndipo kukoma kwake sindikana, ukoma ngati chakumwa cha m'botolo. Koma thupi la munthu wamkulu limafuna 75 mpaka 90 mg basi pa tsiku, wotsalayo wambiri umangotuluka ndi mkodzo, ndipo ukapyola 2000 mg umatsegula m'mimba, amene anadwalapo timiyala ta mu impso ndiye asayandikire. Kumwa tsiku ndi tsiku sikuletsa chimfine kukugwira, kumangofupikitsako pang'ono masiku odwala. Gwafa mmodzi wamkulu ali ndi vitamini C woposa amene thupi likufuna tsiku limenelo, malambe nawo ali naye wambiri, malalanje, mapapaya, olo tomato ndi masamba osaphikitsa. Vitamini C wanga uja sindinaumalizenso chifukwa chinyontho cha kunochi chinalowa mu chubu mapilisi nkufufuma nkumatirirana, nde amene mukugulabe muzitseka zolimba ndipo osasunga kubafa kapena pawindo.

Chimene chinandidabwitsa ndi nkhani ya zinki. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 wa michere ya m'thupi anapeza kuti anthu pafupifupi 6 pa 10 aliwonse m'dziko muno, ana ndi akulu omwe, zinki ndi wochepa m'thupi mwawo, pomwe ana aang'ono operewera vitamini A anali atatsika kufika pafupifupi 4 pa 100. Za vitamini A zikumveka, shuga wa m'paketi ndi mafuta ophikira amathiramo kale kufakitale, ndipo ana a miyezi 6 mpaka zaka zisanu amalandira kapisozi miyezi sikisi iliyonse, wabuluu uja kwa makanda ndi wofiira kwa okulirapo, nde kumugulira mwana sirapu ya vitamini A pamwamba pa zonsezi nkosafunika, komanso A, D, E ndi K satuluka ndi mkodzo, amaunjikana m'thupi. Zinki ndiye amavuta chifukwa chakudya chathu chatsamira pa chimanga, ndipo chimanga chili ndi zina zake zomwe zimamugwira zinki kuti asalowe bwino, pomwe nyama ndi nsomba zomwe zili naye wambiri timadya mwa apo ndi apo. Komabe sikuti tonse tithamangire botolo. Mayi amafuna 8 mg pa tsiku, bambo 11 mg, ndipo kupyola 40 mg kwa nthawi yaitali kumabweretsa mavuto ena, nde mabotolo a 50 mg aja amene abambo akuuzana kuti ndi a mphamvu za kuchipinda onaninso. Ukamwa pamimba yopanda kanthu nseru yake siyamasewera. Pomwe zinki ndi wosakaikitsa ndi pa mwana wotsegula m'mimba, 20 mg tsiku lililonse kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi Thanzi, theka lake kwa khanda losakwana miyezi sikisi, ndipo pa famase imeneyi sindinapezepo atatha.

Seleniyamu nayenso ofufuza a ku LUANAR ndi anzawo a ku University of Nottingham anapeza kuti ndi wochepa mwa anthu ambiri kuno chifukwa dothi la madera ambiri silimupereka ku chimanga, kupatula madera ngati chigwa cha Shire. Amafunika pang'ono zedi, 55 mcg pa tsiku, ndipo nsomba ndi mazira zimathandiza. Pa shelefu ija botolo lake ndinaliona kamodzi, litachita fumbi.

Kashiyamu ndidutsa mwachangu. Amayi ankafunanso ameneyu chifukwa cha maondo, bambo uja anati kupweteka kwa maondo si kuchepa kwa kashiyamu nthawi zambiri, ndipo ife a kumpoto kuno tili ndi mwayi wa usipa wa ku Nkhata Bay womwe timatafuna ndi minga yomwe, mumingamo ndi momwe muli kashiyamuyo. Amene adokotala anawalembera, dziwani kuti calcium carbonate amamwedwa ndi chakudya, ndipo thupi silitenga bwino woposa 500 mg nthawi imodzi, nde ndi bwino kugawa mmawa ndi madzulo. Vitamini D dzuwa limatipatsa ulele ngati umatulukako panja.

Nanga mavitamini osakaniza aja a piritsi limodzi pa tsiku? Alipo amitundu yambiri ndipo kusiyana kwa mtengo nkwakukulu, koma ukaika malebulo pambali pa nzake zamkati zimakhala pafupifupi zomwezo. Ine ndimagawa mtengo wa botolo ndi nambala ya mapilisi, ndikuonanso kuti akuti umwe angati pa tsiku, chifukwa pali ena botolo lalikulu koma akuti atatu pa tsiku nde limatha msanga kuposa laling'ono. Kwa munthu amene wangochira kumene ndipo sakudya bwino, kapena agogo opanda mano, amathandizako. Kwa munthu wathanzi amene akudya nyemba, masamba otendera, nsomba ndi zipatso sindinaone chosintha, kupatula mkodzo wachikasu kwambiri umene anthu amati ndi umboni woti mankhwala akuchotsa zoipa m'thupi, pomwe ndi vitamini B2 wotsala akungotuluka basi.

Pali chinthu chimodzi chomwe bambo uja amakana motsimikiza ndipo ndinamuonapo akubweza mtsikana wina wa sukulu. Masirapu oonjezera chilakolako cha chakudya aja, amene atsikana akumwa kuti anenepe mbina ituluke, ndipo amayi ena akumwetsa ana kuti azidya. Pa botolo pamalembedwa mavitamini koma chimene chikugwira ntchito ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo, ndi chifukwa chake munthu akamwa amangosinza tsiku lonse. Ena amaphatikiza ndi dexamethasone nkhope nkutupa kukhala yozungulira, iwo nkumati ndanenepa, pomwe mankhwala amenewo akukweza shuga ndi BP ndi kufooketsa chitetezo ndi mafupa. Zimenezi kumsika zimagulitsidwa poyera, pa dzuwa, pambali pa mafuta odzola.

Za amayi a pa WhatsApp ndingoti ndimawamvetsa, aliyense akusaka ya ndiwo, ena ndi abale athu enieni ndipo kuwakana kumavuta. Koma botolo limodzi silingachize shuga, BP, kusabereka, zilonda za m'mimba ndi khansa nthawi imodzi, ndipo amene akuuzani kuti musiye mankhwala akuchipatala kuti muzimwa zakezo ameneyo muthaweni. Amakonda kunena kuti izi ndi za ku America zovomerezedwa ndi FDA, bungwe loona za mankhwala kumeneko, pomwe ku America komweko lamulo la 1994 linasiya zinthu zamtundu umenewu kuti zizilowa pamsika popanda FDA kuziyeza kaye ngati mmene imachitira ndi mankhwala enieni. Mtengo wake umakhalanso wokwera chifukwa muli phindu la amene anamulowetsa, ndi la amene analowetsa ameneyo, mpaka kumwamba uko.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti zabwino zonse ndanenazi zili mwa munthu mmodzi. Bambo uja akachoka, masana kapena Loweruka madzulo, pamatsala achinyamata awiri, aulemu ndithu, moni amapereka bwino, koma ukangoti ndikufuna mavitamini dzanja limapita ku shelefu yapamwamba ija osafunsa kalikonse. Mmodzi anandiuzapo kuti tengani awa asisi ndi amene mabwana akugula. Nde famase yomweyo ukapita nthawi ina ndi ya nyenyezi zisanu, nthawi ina ndi golosale wamba. Funsani ngati a famasisiti alipo, ngati palibe ndipo simukudziwa chenicheni chomwe mukufuna, bwererani tsiku lina.

Sitoko nayo siyodalirika. Ukazolowera mtundu wina, mwezi wotsatira akuti watha tikudikira oda kuchokera ku Lilongwe, forex yavuta, nde umasintha. Izi sindiwaimba nazo mlandu kwambiri poti ndi dziko lonse. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, kamashini ka khadi kalipo koma netiweki yake ndi ya mwayi, tengani kakashi m'thumba. Lisiti amapereka ukapempha. Lamulungu amatseka msanga, pofika madzulo mupeza chitseko.

Chomwe chimandinyasa kwenikweni ndi mapilisi ogawa. Poti ambiri sitingakwanitse botolo lathunthu amatsegula lalikulu nkumakuwerengera a sabata imodzi kapena awiri m'kapepala ka pulasitiki, zomwe ndi zothandiza ndithu pa nthawi yovuta ino, koma pakapepalapo amangolemba 1x1 ndi bolopeni, dzina la mankhwala nthawi zina palibe, mphamvu yake palibe, tsiku loekisipaya ndiye sanalembepo olo kamodzi. Kunyumba kwa amayi ndinapeza timapepala totere titatu mu chitini cha masikono, timapilisi toyera tofanana, iwo eni osadziwa kuti aka ndi kati. Tsopano ndimaima pomwepo mpaka alembe dzina, ma mg ndi tsiku, ndipo ndimapempha andionetse botolo lomwe achotsamo ndilijambule pa foni. Achinyamata aja amaoneka kuti zimawatopetsa mzere ukakhala wautali, koma amalemba.